Kapaleni moto kwa anansi

Adzukulu anga, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati gulu lanu la achinyamata ku tchalitchi lasonkha miyezi itatu kuti lichite hayala minibasi yokazonda odwala ku Lilongwe, koma ndalama sizikukwana, ndiye ena afooka. Mukufunsa ngati wosauka angatumikire Ambuye. Ulendowo siwoipa, ukatheka mupite. Koma ndikufotokozereni za manyazi anga.

Kale ndili ndi mphamvu, Lachinayi lililonse ndinkavala yunifolomu ya chigwirizano n'kupita ndi anzanga kukaimbira odwala ku chipatala cha St Anne's, ku Linga kuno ku Nkhotakota. Njira yanga inkadutsa pakhomo pa mayi wina wachisilamu amene mwamuna wake anatsala m'nyanja nthawi ya mwera. Pamaliro tinapita, ufa tinatula, tinagona pasiwa, kenaka aliyense kwake. Tikakumana ndinkati "Mwadzuka bwanji, amayi?" iwo n'kuti "Tadzuka." Ine n'kukhutira ndi yankholo.

Tsiku lina mu Januwale machesi anandithera, ndipo ndinatuma mwana kuti akapale moto kwa mayi aja. Anabwera chimanjamanja. Akuti, "Amayi, phulusa lawo ndi lozizira, pamafuwa pagona nkhuku." Nditapita ndekha ndinapeza makoko a mango aawisi kuseri kwa nyumba, thandala lopanda n'chinangwa chimodzi chomwe, ana atatu atangoti ndwii pakhonde. Nsima anali atailawa komaliza Lamulungu. Khomo lomwelo ine ndinali nditalidutsa ndi nyimbo pakamwa.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa matenda n'zoona, koma njala ya munthu waulemu imatseka chitseko n'kupiringidza. Sadzakupemphani. Muziona nokha: khitchini yosafuka utsi, mtondo umene wakhala chete sabata yonse, mwana amene wasiya sukulu mwadzidzidzi, nkhalamba imene malo ake pabenchi akhala opanda munthu masabata awiri. Madzi atasefukira ku Dwangwa mu 2024 anthu anapereka ndithu, chifukwa wailesi inalengeza. Za phulusa lozizira palibe wailesi imene imalengeza.

Tsegulani Luka 16. Lazaro sanali kutali, ankagona pachipata penipeni pa mwini chuma. Ndipo taonani, mwini chuma uja ali m'mazunzo anamutchula Lazaro dzina popempha Abrahamu kuti amutume ndi madzi. Ndiye kuti ankamudziwa bwinobwino. Agalu okha ndiwo ankayandikira zilonda zake.

Tsono kaperekedwe kake. Ichi ndiye achinyamata a lero mumaphonya. Mumanyamula paketi ya shuga anthu khumi, wina kutsogolo ndi foni, nkhalamba ija muiimike padzuwa kuti chithunzi chioneke bwino pa Facebook. Shuga atha Loweruka, koma chithunzi cha umphawi wake chikhalabe m'mafoni a anthu. Ife sitinaleredwe choncho. Kwa mayi aja ndinabwererako kutada, kalichero ka ufa wa kondowole ndi usipa pang'ono nditafunditsa chitenje, n'kunena kuti, "Amayi, mawa mudzandithandize kusenda chinangwa, msana wandivuta." Anadziwa chimene ndinkachita, inenso ndinadziwa kuti adziwa, koma ufawo anaulandira ngati malipiro a ganyu. Za chipembedzo sindinatchule, ndipo inunso musamasandutse mbale ya nsima nyambo. Mayi yemweyo ndi amene anadzandisambitsa nditathyoka mwendo patapita zaka.

Ndalama mwasonkhazo musungebe kwa msungichuma wanu. Loweruka likudzali bwerani ndi zikwakwa, luzi ndi zidebe. Kuseri kwa tchalitchi chanu kuli agogo aamuna amene denga lawo linasasuka chaka chatha, ndipo mvula ili pafupi. Atsikana mukawatungire madzi ku mjigo, anyamata mukwere padenga. Mukafika muyambe mwaodira, mukhale pansi, muwafunse kaye ngati akulola. Mafoni musiye kunyumba.