Mwana akuti adzapanga magemu: mumugulire kuti?

Mayi wina wa ku Zomba walemba kuti: "Mnyamata wanga ali Fomu 3 ndipo akuti akufuna kudzakhala wopanga magemu a pakompyuta. Akundivutitsa kuti ndimugulire magemu opangidwa ndi anthu paokha, osati makampani akuluakulu, kuti aziphunzirirapo. Akungotchula Steam, GOG, Epic ndi itch.io. Ine zimenezi sindizitsata. Ndiyambire pati?"

Mayi, khadi la kubanki lija liyambe lakhala m'kachikwama. Mayina akutchulawo ndi misika ya pa intaneti yogulitsira magemu. Muuzeni mwanayo ayambire pa itch.io, pomwe magemu ambirimbiri ndi aulere, ndipo ena mumapereka zomwe mwakwanitsa. Chomwe ndimapakondera kwambiri n'chakuti iyenso atha kuikapo gemu yake osalipira kalikonse. Pamachitikanso timipikisano totchedwa game jam, pomwe anthu amapatsidwa masiku awiri kapena sabata kuti apange kagemu kathunthu. Mwana amene wamaliza kagemu kamodzi, ngakhale kakhale ka kabokosi kodumpha maenje, waphunzira zambiri kuposa amene wasewera magemu makumi awiri. Pulogalamu yopangira magemu ya Godot ndi yaulerenso, ndipo siilemera pa laputopu.

Akafuna zogula, ine ndimakonda GOG, yomwe inayambira ku Poland mu 2008. Kumeneko mukagula gemu mumakopera fayilo yake yonse, n'kuisunga pa fulashi, ndipo imatseguka popanda intaneti. Inu mukudziwa mmene bandulo imathera mwezi usanafike pakati.

Steam, ya kampani ya Valve, ndiye msika waukulu. Inayamba mu 2003 ndipo magemu ambiri otchuka mumawapeza kumeneko. Imabweza ndalama ngati mwapempha pasanathe masiku 14 ndipo simunasewere kupitirira maola awiri. Koma wopanga gemu amalipira madola 100 kuti aiikepo, kenaka Valve imatengako 30 peresenti ya zogulitsa. Epic imatenga zochepa, zosapitirira 12 peresenti, ndipo sabata iliyonse imagawa gemu yaulere. Mwanayo angotsegulako akaunti, azitolera zaulerezo.

Kumbukirani kuti mitengo yake ili m'madola, ndiye kagemu kooneka kotchipa kamasanduka ndalama yogulira ndiwo za masiku angapo mukakasinthira m'makwacha. Ngati n'kugula, dikirani nyengo yotsitsa mitengo. Ku Steam yaikulu imabwera chakumapeto kwa June ndi mu December. Khadilo muzilembapo nokha, musalisiye losungidwa mu akaunti yake.

Mumuuzenso kuti masamu ndi fizikisi asazinyozere. Kuti kamunthu ka mu gemu kadumphe n'kugwa bwino pamafunika masamu omwewo akuwathawa m'kalasi, ndipo maphunziro a zamakompyuta ku UNIMA, MUBAS kapena MUST amayang'ana mmene wakhozera masamu pa MSCE. Mugwirizane naye chonchi: holide ikubwerayi aike kagemu kake koyamba pa itch.io, akuonetseni mukasewere, kenaka mudzamugulire imodzi ya pa GOG.