Tchuthi chatha koma mwana akadali pabere

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene mwana wake ali ndi miyezi 4. Analemba kuti: "Ndikuyambanso ntchito pakatha masabata awiri. Anzanga akuti mkaka ukakhalitsa m'mawere tsiku lonse umasasa, ndiye bola ndingomusiyitsa kuyamwa. Kodi ndi zoona?"

Ayi mayi, si zoona. Mkaka susasa uli m'bere. Mukaweruka, sambani m'manja, mwana ayamwe basi.

Vuto lenileni ndi lina. Bere limapanga mkaka molingana ndi umene wachoka. Likamakhala lodzaza maola 8 kapena 9 tsiku ndi tsiku, thupi limayesa kuti mwana sakuufunanso, n'kuyamba kuchepetsa. Nchifukwa chake muyenera kumakama kuntchito, kawiri kapena katatu, pafupifupi maola 3 alionse.

Yambani kuyeserera lero lomwe, musadikire tsiku lomaliza. Poyamba mudzapeza timkaka tongophimba pansi pa kapu, ndipo mtima udzagwa. Musadandaule, manja amazolowera. Chala chachikulu chikhale pamwamba pa mbali yakuda ija yozungulira nsonga, cholozera pansi pake, kanikizani cha kuchifuwa kenako finyani. Nsongayo musaikoke. Mkaka ukamavuta kutuluka, yang'anani chithunzi cha mwana pafoni kapena nunkhizani kamalaya kake. Zimamveka zoseketsa, koma kumuganizira mwana kumathandiza thupi kutulutsa mchere wa m'thupi wotchedwa oxytocin, womwe umachititsa mkaka kutsika.

Wokamawo muike m'chiwiya choyera chotsekeka, mulembepo tsiku. Pamalo osatentha kwambiri umakhala maola 4, mufiriji masiku 4, ukaumitsidwa mufiriza miyezi 6. Mukaona mafuta atayandama pamwamba, sunaonongeke, ingoupukusani pang'ono. Pofunditsa, mizani chiwiyacho m'madzi ofunda. Osauwiritsa, osauika mu microwave. Womulera azimumwetsa ndi kakapu pang'onopang'ono, mwana atamukhazika tsonga.

Kwa abwana pitani msanga, musanayambe ntchito. Pemphani nthawi ndi kachipinda kotsekeka, osati chimbudzi (ine zokamira mkaka wa mwana m'chimbudzi sindigwirizana nazo m'pang'ono pomwe). Simukupempha zachilendo: pangano nambala 183 la mu 2000 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO limati mayi woyamwitsa apatsidwe nthawi yopumira kapena achepetseredwe maola, malipiro osadulidwa. Si mayiko onse analivomereza, choncho funsani zimene malamulo a ntchito a kwanu akunena.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi (bere lokha basi) miyezi 6, kenako kupitiriza pamodzi ndi zakudya zina mpaka zaka 2 kapena kuposa. Kwa inu yatsala miyezi iwiri yokha yovutayo. Mwana mwina ayamba kuyamwa kwambiri usiku kubwezera za masana. Tulo tichepa ndithu, koma kuyamwa kwa usikuko kumasunga mkaka.

Bere likatupa, kufiira ndi kuwawa, thupi n'kutentha ngati malungo, musasiye kuyamwitsa, koma pitani kuchipatala tsiku lomwelo.