Scrappage ya kwa dealer si ndalama ya boma

Achimwene, imani kaye, Loweruka mukapita kwa dealer musasayine kalikonse. Ndangoona zoti dealer akukulonjezani £2,000 ya scrappage (ndalama imene amapereka ukapereka galimoto yakale kuti iphwanyidwe) pa dizilo yanu ya 2012 mukatenga hybrid pa finance, thupi langa lonse lachita tsemwe, chifukwa ndi mawu omwewo amene anandiuza ine mu 2023. Mukamufunse chinthu chimodzi chokha: ndalamayo ikuchokera m'thumba la ndani? Thumba la scrappage la ULEZ, dongosolo la kuno ku London lolipiritsa magalimoto otulutsa utsi wambiri, linatsekedwa mu September 2024. Linayamba mu January 2023 ndi £110 miliyoni, meya wa London a Sadiq Khan anawonjezera mpaka linafika £210 miliyoni, kenako analitseka, nkhani inathera pompo. Ndiye wina akamati scrappage lero, imeneyo ndi ya kampani yake, wangobwereka dzina kuti muziona ngati boma lili pambuyo pake.

Ine ndinali ndi Vauxhall Zafira ya dizilo ya 2010, ya mipando seveni ija. Inkanyamula ana, inkanyamula azimayi a kwaya Lamlungu, matumba a ufa, chilichonse. Injini sinandivutepo. Pa 29 August 2023 ULEZ itafika m'madera onse a London, ife a ku Croydon tinangodzuka tili m'kati. £12.50 tsiku lililonse galimoto ikangoyenda. Ndipo inu a ntchito ya care, yosamalira anthu, mukudziwa kuti tsiku la ULEZ limatha 12 koloko usiku, ndiye ukapita ku shifiti madzulo n'kubwerako m'mawa walipira kawiri, £25 pa shifiti imodzi, usanathire ndi mafuta omwe. Nthawi imeneyo thumba lija anali atangolitsegulira aliyense wokhala mu London, osati okhawo olandira ma benefit, ndipo ine ndinali woyenera ndithu: galimoto inali m'dzina langa kuyambira kalekale, MOT, chiphaso choti galimoto ndi yoyenera pamsewu, ilipo, inshuwalansi ilipo, msonkho wolipira. £2,000 ija inali yanga.

Kenako kunabwera dobadoba. Inde, madobadoba aliponso kuno, amangovala jekete yabwino. Mwana wa kwathu, wa tchalitchi chathu chomwe, wondiitana kuti "asisi" ndi ulemu wonse. Akuti asisi musavutike ndi mafomu, anthu akudikira masabata ndipo ambiri akuwabweza, ndili ndi mzanga ali ndi yadi ya magalimoto, amachita zonse yekha, akuchotserani £2,000 lero lomwe pa galimoto ina, iye adzatenga yekha ndalamazo kuboma. Tinapita. Bambo uja anandilandira ngati mlamu wake, tiyi, mabisiketi, "madam" apa "madam" apo. Anandionetsa Toyota Auris hybrid yogwirapo kale ntchito, yoyera bwino. Anatenga makiyi a Zafira, anatenga logbook yonse, anati za DVLA, ofesi ya boma yolembetsa magalimoto, azichita yekha pa kompyuta, ndipo chikalata chosonyeza kuti galimoto yaphwanyidwa chibwera pa positi.

Chikalatacho sichinabwere. Kunayamba kubwera maenvelopu ena.

Ndinafika kunyumba m'mawa kuchokera ku shifiti ya usiku, maso ali psuu, ndikutsegula chitseko ndinaponda makalata. Ndinatsegula yoyamba nditaima pakhomo pomwepo, chikwama chili paphewa. Chindapusa cha ULEZ, £180, kapena £90 ukalipira pasanathe masiku 14. Ndinaseka, ndimati alakwitsa, galimoto imeneyi inasanduka zitsulo kalekale. Ndinatsegula yachiwiri, chimodzimodzi, tsiku lina. Yachitatu, ya parking, ku dera limene ine sindinapondeko chibadwire. Pa kalata imodzi panali chithunzi. Zafira yanga. Nambala yanga. Ngakhale pamene mwana wanga anakhulitsa bampa pa geti panali kuoneka. Galimoto imene ndinauzidwa kuti yaphwanyidwa inali pamsewu ikuyenda bwinobwino, wina akuyendetsa, zindapusa zikubwera kwa ine. Miyendo inalefuka, ndinakhala pa masitepe. Mwana wanga wamkazi akutsika kuti azipita kusukulu anandipeza pamenepo, akuti amami mwadwala? Ndinangomuuza kuti pita uchedwa, mawu osatuluka bwino.

Sindinagone, sindinavule ndi yunifolomu yomwe. Ndinapita ku yadi kuja mvula ikuwaza. Bambo wa tiyi ndi mabisiketi uja anali m'kakontena kake ka ofesi akudya tchipisi, hita ili kumapazi. Sanandipatse mpando. Ndinayala makalata patebulo, iye anawakankhira pambali ndi chala chamafuta kuti asadetse kiyibodi. Ndinamufunsa kuti chikalata chophwanyira galimoto chili kuti. Akuti chikalata chanji? Anatsegula kabati, anatulutsa pepala limene ndinasayina, n'kuloza mzere umodzi ndi cholembera. Panalembedwa part exchange, £250. Mawu akuti scrappage panalibe paliponse. Ndipo nditayang'ana pamwamba, mtengo wa Auris unali wokwera kuposa umene unali pa intaneti sabata imene ndinaigula, kusiyana kwake pafupifupi £2,000 yomwe ija. Ndi zomwe amachita mavenda a kaunjika pa msika, kuyamba ndi mtengo wa kumwamba kuti akakuchotsera uzipita ukuthokoza. Kungoti apa pa mtengo wokwezawo ankandiwerengeranso chiwongoladzanja mwezi ndi mwezi.

Ndinakweza mawu, sindikana. Iye anangoloza kamera pakona, akuti madam mukapitiriza ndiitana apolisi. Abale, mapepala anga a visa anali asanatuluke nthawi imeneyo, ndipo munthuyo ankadziwa, chifukwa dobadoba uja anali atamuuza zonse za ine. Mawu akuti apolisi atangotuluka pakamwa pake ndinangoti zii. Ndinatola makalata anga amene anagwera pansi, mmodzi mwa anyamata otsuka magalimoto akundiyang'ana, ena akuseka chapansipansi. Ndinakalowa mu Auris yomweyo, galimoto ya ngongole, ndi kulira mmenemo mpaka magalasi anachita nthunzi.

Wina asabwere pansi apa kudzati bwanji simunawerenge. Munthu wochokera ku shifiti ya maola 12, wabwera ndi m'bale wa kutchalitchi, pepala la masamba ambirimbiri tizilembo tating'ono, mwini wake akukulozera kuti sayinani apa ndi apa. Anthu amenewa amadziwa nthawi yotigwirira. Ndipo amene amandiwawa kwambiri si mwini yadi, iye ndi mbava ya ntchito yake. Ndi mwana wa kwathu uja. Analandira yake ya pambali, nditamuimbira anati asisi ine ndinangokulozerani njira, kenako anandibloka pa WhatsApp. Mpaka lero amabwera pa misonkhano ya maliro atanyamula mbale ya chopereka, amatsogolera ndi pemphero lomwe. Dzina sinditchula, koma ali mu gulu lomwe lino ndipo akuwerenga. Moni achimwene.

Zindapusa zija zinachotsedwa pamapeto pake. A bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice anandithandiza kulemba makalata, ndinatumiza pepala lomwe lija la £250 ngati umboni wa tsiku limene galimoto inachoka m'manja mwanga, DVLA inachotsa dzina langa. Koma £2,000 ya boma inapita. Lamulo lake linali lomveka: umafunsira wekha iwe mwini galimoto, umadikira akuvomere, ukatero ndiye umapititsa galimoto kumalo ophwanyira ovomerezeka, amene amatchedwa ATF, iwo amakupatsa Certificate of Destruction, umaitumiza, kenako amakutumizira ndalama iwe mwini. Dealer analibe gawo lililonse pa nkhaniyi. Sakanatha kutenga ndalamazo m'malo mwanga ngakhale akanafuna.

Ndiye inu achimwene, mverani. Dizilo zambiri za 2012 ndi Euro 5 pa muyezo wa utsi, sizidutsa, ULEZ imafuna Euro 6 pa dizilo, kutanthauza zambiri za kuyambira chakumapeto kwa 2015. Koma chimene ma dealer sanena n'chakuti petulo imangofunika Euro 4, ndipo magalimoto ambiri a petulo a kuyambira 2006 amadutsa. Honda Jazz yakale, Yaris yakale, Fiesta ya petulo, zotchipa zenizeni zogula cash, zimayenda mu London osalipira ULEZ. Lembani nambala ya galimoto pa webusaiti ya TfL, bungwe loona za mayendedwe mu London, musanapereke ndalama, n'zaulere, imakuuzani pompo. Simukufunika ngongole ya zaka zinayi kuti muthawe £12.50.

Dizilo yanuyo muigulitse nokha kunja kwa London, kumene anthu akuifunabe, kungoti ku Birmingham nakonso amalipiritsa £8 patsiku ndipo ku Bristol £9, ndiye ogula a kumeneko adzakutsitsani. Ena amati tumizani kumudzi, chiwongolero ndi cha mbali yomweyo. Zoona, koma muwerengere sitima mpaka ku Dar es Salaam, woiyendetsa mpaka pa Songwe, ndi msonkho wa MRA umene umakwera galimoto ikakhala yakale ndiponso injini ikakhala yaikulu. Mukhoza kupeza kuti mwalipira kuposa mtengo wa galimotoyo. Mukasankha kuiphwanyitsa, pitani ku ATF yeniyeni, chikalata chimayenera kutuluka pasanathe masiku 7, ndipo wina akakupatsani cash m'manja thawani, lamulo la 2013 linaletsa kugula zitsulo za scrap ndi cash ku England ndi Wales. Mukaipereka kwa dealer, kapepala kachikasu ka mu logbook n'kanu, ndipo DVLA muiuze nokha pa foni yanu muli pa yadi pomwepo, musanapereke makiyi.

Zinthu za boma zimenezi ine ndinasiya kuzikhulupirira kwambiri, ngakhale zenizenizo. Mu 2009, nthawi ya a Gordon Brown, kunali scrappage ya dziko lonse, £2,000 pa galimoto yopitirira zaka 10, theka boma theka kampani yopanga magalimoto, koma umayenera kugula yatsopano ya mu shopu. Magalimoto pafupifupi 400,000 anapita, ambiri ali bwinobwino. Cholinga chenicheni chinali kupulumutsa makampani pa nthawi ya mavuto a zachuma. Ndipo ndi maboma omwewa amene kuyambira 2001 anakonza msonkho wa galimoto motengera CO2, anthu n'kuthamangira dizilo poti ndiye inali yotchipa msonkho, kenako 2015 nkhani ya Volkswagen itaphulika dizilo yomweyo inasanduka mfiti. Amene tinagula dizilo zakutha zija pa mtengo wotsika ndife amene tinalipira. Panopa chimene chilipo ndi cha magalimoto amagetsi chimene chinayamba mu July 2025, mpaka £3,750, koma pa galimoto yatsopano ya mtengo wosapitirira £37,000, ndipo sichifuna kuti upereke yakale. Ndani wa ife a ma shifiti akugula yatsopano? Ndipo uitchaja kuti, ukukhala pa fulati ya pamwamba, galimoto imagona pamsewu?

Finance imeneyo ngati ndi PCP, ngongole yolipira pang'ono pamwezi ndi chindalama chachikulu pamapeto, muyang'ane mileage. Amakulemberani mamailosi ochepa pachaka kuti ya pamwezi ioneke yaing'ono, pamene inu ntchito yanu ndi yoyenda khomo ndi khomo. Mukapyola, mailosi iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo pamapeto pali chindalama chija choti mulipire ngati mukufuna galimotoyo ikhale yanu. Ine ndimati ngongole ya galimoto ayi, osayerekeza.

Komabe ndinene zoona, Auris ija ndi galimoto yabwino kuposa zonse zimene ndakhalapo nazo. Mu traffic ya London imayenda mwakachetechete pa batire, mafuta ndimathira mwa apo ndi apo, ku garaja imangopita kukachita service. Zafira inkamwa ndithu, ndipo fyuluta ya utsi ija ya DPF inkatsekeka chifukwa cha maulendo afupiafupi. Mwana wanga wamng'ono ali ndi asima, ndiye za mpweya woipa sindingazitsutse, tonse tinamva za mwana uja wa ku Lewisham, Ella, amene khoti linanena mu 2020 kuti mpweya wa pamsewu unathandizira imfa yake. Ndiye ngati hybrid mwaikonda, tengani, musachite mantha ndi nkhani yangayi. Ngakhale kwa dealer yemweyo, ngati £2,000 akuchotsadi pa mtengo weniweni, ndalama ndi ndalama, ilibe kanthu kuti waitcha dzina lanji. Chongofunika, jambulani mtengo umene uli pa intaneti lero musanamuuze kuti muli ndi galimoto yosinthitsa, mufunse mtengo wa cash, kenako muone ngati manambala akugwirizana ndi a papepala. Pepalalo mupite nalo kunyumba, akakana kukupatsani ndiye mwadziwa kale. Ndipo musapite ndi munthu amene wakupezerani dealer, pitani ndi mlamu wanu wovuta uja amene amafunsa mafunso mpaka anthu kutopa.

Mujambule quote imene wakupatsaniyo muike pansi apa, mubise dzina ndi adiresi, tione APR (chiwongoladzanja cha pachaka), mileage, ndi ndalama yonse imene mudzakhale mutalipira pofika kumapeto.