Thiranki ya mapepala a malemu malume: tiotche kapena tisunge?

FUNSO: Malume anga anamwalira chaka chatha kwathu kuno ku Bembeke. Anali mphunzitsi, koma ambiri ankawadziwa ndi zomwe ankalemba m'nyuzipepala zija zinabuka nthawi ya riferendamu. Ankalembera anthu wamba: kukwera kwa feteleza, mavenda obera alimi a kachewere, aphungu ongooneka nthawi ya kampeni. Analembanso kabuku kamodzi. Asiya thiranki yodzaza mapepala, makalata ndi matepi. Amayi akuti tiotche chifukwa muli mayina a akuluakulu, ena akadali moyo. Achimwene ayamba kale kupereka ena kwa mayi wogulitsa mandasi. Nditani?
Mwana wa mlongo wawo, Bembeke, Dedza

YANKHO: Pepani ndi zovuta. Musanamalize n'komwe kuwerenga yankholi, thamangirani kwa mayi wa mandasiyo mukaombole zomwe zatsala, ngakhale zothimbirira mafuta.

Mantha a amayi anu sindingawapeputse. Amene anakula nthawi ya chipani chimodzi amakumbukira kuti pepala limodzi linkatha kumufikitsa munthu kundende ya Mikuyu. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 Marichi 1992 boma linaitcha yogalukira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Anthu ambiri anazolowera kuotcha. N'chifukwa chake zolemba za zaka zimenezo n'zosowa lero, makamaka zochokera kumudzi. Nyuzipepala zambiri zomwe zinabadwa nthawi ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993 sizinakhalitse, moti pena zomwe malume anu anadula ndi lumo n'kusunga sizingapezekenso msanga kwina.

Pempho langa lalikulu ndi ili: musasankhe. Banja likakhala pansi limakonda kusunga zosindikizidwa bwino n'kutaya zofufutafufuta, zotukwana pang'ono, ndi makalata a alimi olembedwa pa pepala long'amba m'kope. Komatu chuma chili pamenepo. Nkhani yosindikizidwa imangosonyeza zomwe mkonzi analola; pepala lofufuta limasonyeza zomwe malume ankafuna kunena asanachite mantha kapena asanadulidwe. Ndipo munthu wolembera anthu wamba sikuti amakhala wolondola nthawi zonse. Mwina pena anakokomeza, mwina pena ananamizira wina. Zimenezonso zisungidwe. Musasokonezenso momwe anasanjira. Zomwe anamanga mtolo umodzi zikhale mtolo umodzi.

Mdani wamkulu ku Bembeke ndi chinyezi cha nkhungu ija ya m'mapiri, kenako chiswe ndi makoswe. Chotsani thirankiyo pansi, muiike pa thebulo kapena pa njerwa, patali ndi khoma komanso utsi wa kukhitchini. M'majumbo musaikemo, amasunga chinyontho ndipo chuku chimamera. Mapepala onyowa muwayanike pamthunzi, osati padzuwa. Mapini ndi mastepulo adzimbiri muchotse mosamala. Selotepi ayi, ndipo anyamata a pa fotokope akakuuzani kuti amate mapepalawo m'pulasitiki yotenthetsa ija, kanani. Akamata, amata basi. Ngati muli mapepala oterera a fakisi, yambani ndi amenewo kujambula pa foni kapena fotokope, chifukwa zilembo zake zimazimirira zokha. Matepi musawayese m'wailesi yakale, ingawatafune.

Kosungira kwenikweni ndi ku National Archives of Malawi ku Zomba, nthambi ya boma yosunga zolemba zakale yomwe inayamba mu 1947. Lamulo limati buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno liperekedweko, choncho funsani ngati kabuku ka malume kaliko. Kulinso laibulale ya University of Malawi ku Zomba komweko ndi ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Musangokasiya katundu pakhomo. Lembani m'kope zomwe zili m'thirankimo, mtolo ndi mtolo, ndipo mgwirizano ukhale wolembedwa: mukupereka kotheratu kapena mukusungitsa, ndani angawerenge, ndani angasindikizenso. Nkhawa ya amayi ikhoza kuthera pamenepa, poti mungapemphe kuti makalata otchula anthu amoyo asatsegulidwe mpaka papite zaka zomwe mwagwirizana.

Amayiwo musawasiye kunja kwa ntchitoyi, pamodzi ndi mwinimbumba. Ndiwo angazindikire kalembedwe ka uje, nkhope za pa zithunzi, ndi chaka chomwe malume anasamutsidwa pasukulu ina. Akamanena, inu lembani ndi pensulo pa pepala lapadera, osati pa zolemba za malemuwo.