Mafunso a Owerenga: Kodi kayaki ya anthu awiri ingatenge banja lonse ku Chivero?

FUNSO

Akonzi, ine ndine bambo wa ana awiri, wina wa zaka 9 ndi wina wa zaka 5, ndipo timakhala ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Makolo anga anachokera ku Nkhotakota, ndipo malemu bambo anga sankatopa kusimba za kupalasa bwato pa unyamata wawo, koma ine ndinabadwira kuno ndipo nkhafi sindinaigwirepo. Ndasunga kandalama kuti ndigule kayaki (kabwato kopepuka kopalasa ndi nkhafi) ya anthu awiri yoti ine, mayi akunyumba ndi ana tizikapitidwa nayo mphepo ku damu la Chivero Loweruka. Ndaona kuti ilipo yokhala pamwamba ndi ina yolowa m'kati. Ndigule iti? Nanga tonse anayi tingakwanemo?

Bambo wa ana awiri, Mufakose

YANKHO

Bambo, tiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi limene likukhudza moyo wa ana. Tonse anayi m'kayaki imodzi ya anthu awiri, ayi. Makayaki ambiri otere amakhala ndi mipando iwiri, ndipo ena ali ndi kampando kachitatu pakati komwe anakonzera mwana mmodzi wamng'ono. Mwana wachiwiri alibe malo ake, ndipo mukamupanikiza pamiyendo pa mayi ake ndiye kuti mayiwo sapalasa, komanso bwato likapendekeka adzasowa woyamba kumugwira.

Nkhani yagona pa kulemera. Kayaki iliyonse yopangidwa bwino imalembedwa katundu amene ingasenze, ndipo za anthu awiri zambiri zimakhala pakati pa makilogalamu 200 ndi 250. Nambala imeneyi ikunena malire amene bwatolo lingayandamebe pamadzi odekha, osati amene lingayende bwino kukachita mafunde. Odziwa kupalasa amasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nambalayo osaligwiritsa ntchito. Tiyerekeze kuti inu mumalemera makilogalamu 85, mayi 70, mwana wamkulu 28 ndipo wamng'ono 18. Zonse pamodzi zakwana 201, tisanawerengere madzi akumwa, kamba ndi nkhafi. Pa kayaki yolembedwa 240 mukuyenera kuima cha pa 180, kutanthauza kuti akulu awiri ndi mwana wamng'onoyo ndiye mapeto ake. Bwato lodzazitsa limatsika m'madzi, limakana kukhota, ndipo kafunde kochokera ku boti la injini lodutsa patali kamakwanira kulithira madzi.

Anthu a mu Harare sitifunika kuuzidwa zambiri pa nkhani ya kudzaza bwato. Pa Khirisimasi ya 2011, boti lomwe linanyamula anthu opyola muyezo linagubuduzika pa Chivero pomwepo, ndipo ana 11 anamira. Choncho langizo langa ndi lakuti muzipalasa mosinthana: wamkulu mmodzi ndi mwana mmodzi pamadzi, enawo akudikira kumtunda. Dongosolo limeneli lili ndi ubwino winanso, woti nthawi zonse pamakhala munthu wamkulu pagombe amene akukuonani ndipo ali ndi foni m'manja.

Tsopano za mtundu. Ine ndingakulangizeni yokhala pamwamba, ya pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene. Thupi lake ndi lotsekeka ndipo m'kati mwake muli mpweya, kotero kuti ngakhale itatembenuka simira. Pansi pa mipando pali timabowo todutsa mpaka kunsi, tomwe timatulutsa madzi olowa pamwamba popanda munthu kukapa. Mukagwera m'madzi mumangoitembenuza, n'kukankhira mwana pamwamba, inu n'kukwera chafufumimba. Yolowa m'kati ili ndi ubwino wake, chifukwa miyendo siinyowa ndipo mu Juni ndi Julaye imatchinga mphepo yozizira, koma ikatembenuka imadzaza madzi, ndipo kuikapa muli pakati pa damu, mwana akulira pambali, si ntchito ya munthu amene wangoyamba kumene.

Musakopeke ndi kayaki yaitali yowonda imene amachitira mpikisano, ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo. Ya banja imakhala ya mamita 3.7 mpaka 4.5 m'litali ndipo m'lifupi mwake masentimita 80 kapena kuposerapo pang'ono. Kutambalala kumeneku ndi kumene kumachititsa kuti mwana akasuzumira m'mbali kuti aone nsomba bwato lisagubuduzike. Bambo anu ankapalasa bwato la mtengo, lomwe ndi lolemera ndipo limafuna luso lophunzira kuyambira ubwana. Kayaki yotambalala imakhululukira munthu wosadziwa, koma mphepo imaikankha msanga chifukwa ndi yopepuka.

Makayaki ambiri amene mungawapeze kuno amachokera ku South Africa, ndipo ngati mwaganiza zokagula nokha kumeneko, werengeranitu mtengo wa mayendedwe ndi msonkho wa pachipata cha m'malire cha Beitbridge. Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola muiyese ndi manja anu. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pamlingo wa nyanja, dzuwa lake ndi lakuthwa, ndipo pulasitiki imene yakhala pabwalo zaka zambiri imauma. Mukaona mtundu wasuluka ndipo pamwamba pakuchoka kafumbi koyera mukapakhudza, isiyeni. Dinikizani thupi lake ndi chala chachikulu: labwino limalowa pang'ono n'kubwerera, lotha limalira ngati likufuna kusweka. Suzumirani m'timabowo ta madzi tija, chifukwa ming'alu imakonda kuyambira mmenemo ndipo ndi movuta kumata. Itembenuzeni muone ngati kunsi kwake sikunabonyoke, ndiponso ngati kumbuyo, komwe anthu amaikhwekhwereza pamiyala, sikunadyeke mpaka kupyapyala.

Pa ndalama zimene mwasungazo, patulani kaye za majekete oyandamitsa, zotsalazo ndiye zigule bwato. Majekete amalembedwa mphamvu yake. A nambala 50 ndi othandizira munthu wodziwa kale kusambira, pamene a nambala 100, omwe amakhala ndi kolala yochirikiza mutu, ndi amene ayenera ana anu ndi aliyense wosadziwa kusambira. Ya mwana ikhale ya msinkhu wake ndipo ikhale ndi lamba wodutsa pakati pa miyendo. Makolo tili ndi chizolowezi chogulira mwana chovala chachikulu kuti akuliremo, koma pa jekete imeneyi chizolowezicho n'choopsa, chifukwa mwana akagwera m'madzi amapulumukira pansi, jekete n'kutsala ikuyandama yokha. Mukamuveka, mangani malamba onse, kenako mumunyamule pogwira mapewa a jeketeyo. Ikakwera mpaka kufika m'makutu, ndiye kuti ndi yaikulu. Inunso muzivala yanu, osati kuikhalira, popeza bambo womira sangapulumutse mwana.

Za kapalasidwe sindichulutsa, chifukwa zimenezi manja amaphunzira okha. Wolemera kwambiri amakhala kumbuyo ndipo ndiye amawongolera. Wakutsogolo amapalasa modekha osacheuka, wakumbuyo n'kumatsatira, nkhafi zonse zikulowa m'madzi mbali imodzi nthawi imodzi. Zikamagundana, wolakwa ndi wakumbuyo, chifukwa ndi amene akuona mnzake, ndipo ndikunena izi poyera kuti mayi akunyumba asadzanamiziridwe. Nkhafi za masentimita 230 mpaka 240 zimayenerana ndi bwato lotambalala. Mwana wa zaka 9 angathe kupalasa kutsogolo ndi nkhafi yaifupi, koma wa zaka 5 angokhala pomwe dzanja lanu lingamufikire, ndipo ulendo wake woyamba usapitirire theka la ola.

Chimene ogulitsa sangakuuzeni ndi khalidwe la madzi amene mukufuna kupitako. Chivero ndi damu la pamtsinje wa Manyame lomwe linamangidwa mu 1952, pafupifupi makilomita 35 kuchokera mumzinda, ndipo ndi komwe Harare imatunga madzi ake ambiri. Koma zonyansa za mumzinda zimatsikiranso komweko kudzera m'mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba, ndipo n'chifukwa chake namasupuni amakula mosaletseka ndiponso madzi nthawi zina amabiriwira ndi ndere zapoizoni. Mu Disembala 2024, bungwe loyang'anira nyama zakutchire la ZimParks linalengeza kuti zipembere zinayi ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi a damuli. Apa ndi pomwe kayaki yokhala pamwamba imaonetsa chilema chake, chifukwa okwerapo amanyowa. Gulani zotsekera timabowo ta pansi pa mipando kuti muzitseka pamadzi odekha, ana asamwe kapena kusamba m'damu, ndipo tsiku limene mwapeza madzi abiriwira kapena akununkha, bwato lisatsike pagalimoto. Likodzo nalonso limakonda madzi osaya a m'mphepete momwe muli zomera ndi nkhono, choncho nyamulani madzi oyera ndi sopo zoti musambe mukangotuluka, ndipo mwana akadzayamba kukodza magazi mupite naye kuchipatala n'kukanena kumene anasewera.

M'damumo mulinso ng'ona. Musatsitse bwato pamalo obisika m'mabango pofuna kuthawa malipiro a pageti. Tsitsirani pomwe maboti ena amatsikira, ndipo funsani alonda a paki mbali imene ng'ona zaonekako posachedwa, komanso malamulo ndi malipiro a bwato lanu. Ana asalendewetse manja kapena miyendo m'madzi, ndipo dzuwa likamapendeka mukhale mutatuluka. Namasupuni muzimulambalala patali, chifukwa amayenda ndi mphepo ndipo angathe kutseka njira imene munadzera. Madamu ena, monga la Manyame ku Darwendale ndi la Mazvikadei kufupi ndi Banket, nawonso amafuna kufunsa komweku musanalowe.

Nthawi yabwino ndi m'mawa, mphepo isanadzuke. Yambani ulendo molimbana ndi mphepo kuti pobwerera, mutatopa, izikukankhani kumsana, ndipo musatalikire gombe kuposa pomwe mungakokere bwato mukusambira. Mu Ogasiti mphepo imakula, pamene kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula ya mabingu imakonda kubwera masana. Mukangomva bingu, ngakhale lakutali, tulukani, chifukwa munthu wokweza nkhafi pakati pa damu ndiye chinthu chachitali pamalo onsewo.

Musanalipire, ganiziraninso kanyamulidwe. Kayaki yotere imalemera makilogalamu 30 mpaka 35, ndipo kuikweza padenga la galimoto kumafuna anthu awiri. Pamafunika zitsulo ziwiri zopingasa padenga, malamba awiri omanga pakati, ndi chingwe kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati galimoto yanu ndi yaing'ono ngati Honda Fit, bwatolo likhoza kuposa thupi la galimoto, choncho mangirirani kansalu kofiira kumapeto kwake musanalowe mumsewu wa ku Bulawayo.

FUNSO

Akonzi, ine ndi mwana wanga wamkazi wa zaka 12 timachita lendi zipinda ziwiri ku Mabvuku ndipo tilibe galimoto. Ndaona makayaki opopa mpweya omwe amapindidwa n'kulowa m'chikwama. Kodi ndi odalirika, kapena ndi zidole chabe?

Mayi wa ku Mabvuku

YANKHO

Mayi, ilipo yodalirika ndipo ziliponso zidole, koma pachithunzi zimaoneka zofanana. Yodalirika imapangidwa ndi nsalu yolimba yokutidwa ndi pulasitiki yotchedwa PVC, ndipo imakhala ndi zipinda za mpweya zosachepera zitatu, chilichonse ndi potsekera pake: mbali ziwiri ndi pansi. Chimodzi chikabooka, ziwiri zotsalazo zimakufikitsani kumtunda. Yopangidwa ndi pulasitiki yopyapyala yonga ya mipira ya ana ndi ya m'dziwe losambiramo, ndipo kudamu musapite nayo ngakhale bokosi lake litajambulidwa banja likumwetulira panyanja.

Kwa inu amene mulibe galimoto ndi bwalo losungirapo, mtundu umenewu ndi woyenera, chifukwa chikwama chake chimakwera kombi ndipo chimalowa kunsi kwa bedi. Koma mudziwe kuti imayandama pamwamba kwambiri ndipo mphepo imaitenga mosavuta kuposa ya pulasitiki yolimba, choncho zimene ndauza bambo a ku Mufakose zokhudza kupalasa m'mawa ndi kusatalikira gombe, kwa inu ndi lamulo. Onetsetsani kuti ili ndi kachipsepse komangirira kunsi, chifukwa popanda iko bwato limangopotoloka uku ndi uku pa nkhafi iliyonse. Chenjerani ndi minga ya pagombe, ziputu za m'madzi ndi mbedza zotayidwa ndi asodzi, ndipo zigamba ndi guluu wake zizikhala m'chikwama nthawi zonse.

Mpweya umafufuma ukatentha. Mukaitulutsa m'madzi masana a mu Okutobala kuti mudye nkhomaliro, phwetsani pang'ono kapena iikeni pamthunzi, apo ayi misoko yake idzaphulika. Pobwerera kunyumba itsukeni ndi madzi oyera, iume bwinobwino musanaipinde kuti isachite nkhungu, ndipo chikwamacho chikhale pomwe makoswe sangafike. Mwana wanuyo akhale kutsogolo, inu kumbuyo, nonse mutavala majekete, ndipo ngati pakati panu pali wosadziwa kusambira, ayambe waphunzira kudziwe losambiramo la mumzinda musanapite kudamu.