Yambani mwasankha processor, motherboard ibwere pambuyo

Achimwene a ku Chitakale, mwafunsa za motherboard (bolodi lalikulu lomwe zida zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) yodalirika poti mukufuna kudzilumikizira nokha kompyuta yokonzera makanema a maukwati ndi zinkhoswe. Musagule kaye. Sankhani processor, ubongo wa kompyuta, poyamba, chifukwa motherboard iliyonse ili ndi socket yakeyake, malo okhalapo processor, ndipo processor ya kampani ya AMD singakhale pa socket ya Intel ngakhale mutakakamiza chotani.

Ndikanakhala ine, ndikanatenga Ryzen 5 5600G ndi motherboard ya B550. Socket yake ndi AM4, imene AMD inatulutsa mu 2016, motero zida zake zafala, ndipo imayendera RAM (memori yogwirira ntchito) ya mtundu wa DDR4. Processor imeneyi imatulutsa yokha zithunzi pa sikirini, ndiye ndalama ya graphics card muyambe mwagulira RAM ya 16GB ndi SSD yosungiramo mafayilo. Socket ya AM5 ya mu 2022 ndi yabwino ndithu, koma imalandira DDR5 yokha. Mukakonda Intel ya socket ya LGA1700, werengani bokosi bwinobwino, pakuti ena mwa ma motherboard ake ndi a DDR4, ena a DDR5.

ASUS, MSI, Gigabyte ndi ASRock onse amapanga ma motherboard olimba ndi otchipa omwe, choncho dzina lokha lisakukopeni. Itengeni m'manja, muyang'ane m'mbali mwa socket. Muona timabokosi tating'ono tandandalika, ndito timachepetsa mphamvu ya magetsi isanalowe mu processor. Pamenepo pakhale zitsulo zoziziritsira, ma heatsink. Mukamatulutsa kanema wa ukwati wonse, processor imagwira ntchito mosapumira kwa nthawi yaitali, ndipo malo amenewa ndi amene amatentha kwambiri. Ikhalenso ndi malo anayi a RAM ndi malo a M.2 olowetsapo SSD.

Za BIOS, kapulogalamu ka mu motherboard kamene kamadzutsa kompyuta, musazinyozere. 5600G inatuluka mu 2021, pamene B550 ndi ya mu 2020 ndipo B450 ndi yakale kuposa apo. Motherboard ikakhala ndi BIOS yakale yosazindikira processor imeneyi, mafani azungulira koma sikirini ingokhala bii. N'chifukwa chake ndimakonda zokhala ndi kabatani kumbuyo kokonzera BIOS ndi fulashi yokha: MSI amati Flash BIOS Button, Gigabyte amati Q-Flash Plus, ASUS amati BIOS FlashBack.

Kaya mukagula ku Limbe kaya m'tauni ku Blantyre, makamaka ikakhala ya kaunjika, aiyatse inu mukuona. Ayese malo onse a RAM limodzilimodzi, inu muone ngati pali popserera kapena dzimbiri m'mabowo a USB. Wokana kuyesa musiyeni ndi katundu wake. Pobwerera pa minibasi muinyamule pamiyendo, ili m'kajumbo kake komwe. Polumikiza, dziwani kuti pa AM4 timano tili pa processor ndipo sitichedwa kupindika. Kachizindikiro ka ngodya zitatu kayang'anane ndi ka pa socket, ilowe yokha osaipanikiza.

Tsono kuno kwathu motherboard zambiri sizifa ndi ukalamba. Zimafa ndi magetsi othimathima, ziphaliwali za m'dzinja ndi chinyezi cha chiperoni. Chonde musaumire pa power supply, pezani ya kampani yodziwika, ya 80 Plus Bronze kapena kuposa. Gulaninso UPS, batire yosunga kompyuta iyakebe magetsi akathima, ndipo BIOS musaikonze popanda iyo, chifukwa magetsi akathima pakati, motherboard itha osadzukanso. Kukayamba kugunda kuphiriko, zulani pulagi kukhoma pamodzi ndi waya wa netiweki. Kompyutayo ikhale patebulo, osati pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa.

Mukaipeza, jambulani bokosi, dzina lonse lioneke, mutumize muno musanalipire kuti tikuonereni ngati ikugwirizana ndi processor yanu.