Kuchotsa ulusi pa makina osokera

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake makina anu akumasoka molakwika mukangosintha ulusi. Ndikuganiza kuti mumaukoka chobwerera m'mwamba. Chonde musamatero.

Zimitsani makina kaye. Kwezani singano pozunguzira gudumu kwa inu, kenako mukweze kaphazi kopanira nsalu kuti timbale togwira ulusi timasuke. Dulani ulusi pafupi ndi mpukutu wake, chidutswa chotsalacho mukokere pansi kuti chitulukire ku singano. Mukakoka chobwerera, nyenyeswa zimatsalira m'timbalemo. Inde, mutayako kaulusi pang'ono, koma okonza makina muno mu Johannesburg amatchaja zambiri kuposa kaulusiko.

Ukakodwa kunsi, musalimbane nawo. Duladulani ndi sizasi, tulutsani bobini (kampukutu ka ulusi wa kunsi), muchotse fumbi ndi kaburashi. Kupemerera ndi pakamwa kumangolikankhira m'kati.